Switch ikukana VLAN 2150, nanga pa trunk tilole ma VLAN ati?

Yamikani: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndathedwa nzeru pano pa koleji yomwe ndimagwirapo ntchito kuno ku Zomba. Kampani yotipatsa intaneti yatikokera fiber yatsopano, ndipo akuti zonse zochokera kwa iwo zizibwera ndi tagi ya VLAN 2150 (VLAN ndi kanetiweki kopatulidwa m'kati mwa netiweki yaikulu, ndipo tagi ndi chizindikiro chonyamula nambala yake). Fiber yatsikira ku nyumba ya maofesi, pomwe router yathu ili ku seva rumu kuseri kwa laibulale, ndiye VLAN imeneyi iyenera kudutsa pa ma switch awiri isanafike. Onse ndi Cisco Catalyst 2960. Ndikalemba vlan 2150 kenako exit, switch ikubweza uthenga wothera ndi mawu akuti "not allowed in current VTP mode". Chondizunguza mutu n'chakuti ndikalemba vlan ndi chizindikiro cha funso, imandionetsa yokha kuti nambala ndi 1-4094. Ikukaniranji nanga?

Limbani: Achimwene, tumizani zomwe show vtp status ikuonetsa pa onse awiri, makamaka mode ndi version.

Yamikani: Ya ku seva rumu ili pa Server, ya ku maofesi ili pa Client. Version ndi 1. Ma VLAN omwe alipo ndi 14, revision 37, ndipo pa Maximum VLANs supported locally palembedwa 255.

aNachisale: Nkhani yagona pomwepo, achimwene. VTP ndi njira ya Cisco yofalitsira mndandanda wa ma VLAN kuchokera ku switch ya Server kupita ku za Client, ndipo revision ndi nambala yomwe imakwera mndandandawo ukasinthidwa. Switch yanu ili bwinobwino, ikungotsatira lamulo lake.

Nambala za 1 mpaka 4094 zimachokera ku IEEE 802.1Q, muyezo womwe unatuluka koyamba mu 1998. Tagi yomwe imaikidwa pa frame, kaphukusi ka deta koyenda pa chingwe, ndi ya ma byte 4, ndipo mwa amenewo ma bit 12 okha ndi omwe amanyamula nambala ya VLAN. Ma bit 12 amapereka nambala 4096. 0 anaipatula kuti izigwira ntchito pa frame yomwe yangonyamula priority popanda VLAN, 4095 nayonso ndi yosungidwa, ndiye zotsala ndi 4094 zija mukuzionazo.

Koma Cisco inagawa nambalazi pawiri. Kuyambira 1 mpaka 1005 ndi normal range, kuyambira 1006 mpaka 4094 ndi extended range. VTP version 1 ndi 2 sizidziwa kunyamula extended range, n'chifukwa chake switch ikakhala pa Server kapena Client siilola kuti mupange VLAN yopitirira 1005. Mu normal range momwemonso si zonse zanu. VLAN 1 simungaifufute, ndipo 1002 mpaka 1005 anazisungira FDDI ndi Token Ring, zinthu zomwe ambiri pagulu pano sitinazigwirepo n'komwe. Pa ma VLAN 14 omwe mwanenawo, asanu ndi amenewa, anu enieni ndi 9.

Njira zilipo ziwiri. Muike ma switch onse awiri pa vtp mode transparent, pomwe switch iliyonse imasunga ma VLAN akeake osalandira kwina, kapena mukwere pa VTP version 3 ngati IOS yanu, pulogalamu yoyendetsa switch, ndi 12.2(52)SE kapena yaposachedwa kuposa pamenepo. Pa malo ochepa ngati anuwo ine ndingasankhe transparent osaganiza kawiri.

Limbani: Ine ndingapite pa version 3, achemwali. Ukapanga VLAN pa switch imodzi imafalikira yokha. Transparent ndiye kuti azilemba pamanja paliponse.

aNachisale: Ma VLAN 9 pa ma switch ochepa, kulemba pamanja ndi ntchito ya mphindi zingapo pachaka. Version 3 ndi yabwino, sindikukana, chifukwa primary server yokha ndi imene imasintha ma VLAN. Koma imafuna munthu woimvetsa, ndipo amene adzalowe m'malo mwa achimwenewa tsiku lina adzafunika aimvetsenso. Ndi transparent, chilichonse chimaoneka mu show running-config, aliyense atha kuwerenga.

Bambo Mwale: Moni nonse kuchokera ku Chipata. Musanasinthe chilichonse, mphwanga, mwawafunsa eni fiber ngati angakupatseni port yopanda tagi? Akavomera, port yanu mungoiika pa access, kutanthauza port ya VLAN imodzi yopanda tagi, musankhe nambala yanuyanu ngati 900, nkhani ya extended range n'kuthera pomwepo. Nambala ya VLAN imagwira ntchito pa chingwe chomwe tagi ikudutsa basi, siichita kufanana ndi ya m'netiweki yawo ngati pakati panu palibe tagi.

Yamikani: Ndinawafunsa, bambo. Akuti ayi, chifukwa miyezi ikubwerayi akufuna kudzawonjezera VLAN ina ya mafoni pa fiber yomweyo.

Bambo Mwale: Chabwino, pamenepo ali ndi chifukwa chomveka. Ma switch akuluakulu amatha kusandutsa nambala yobwera kukhala ina ndi switchport vlan mapping, koma 2960 yakale ilibe zimenezo. Tsatirani zomwe anena aNachisale. Chimodzi chokha musaiwale: ma VLAN a normal range amasungidwa mu fayilo ya vlan.dat mu flash, pomwe a extended range pa transparent amakhala mu running-config. Mukapanda kulemba write memory kuti zisungike, magetsi akangothima UPS n'kutha mphamvu, 2150 idzapita nawo limodzi pomwe ena onse ali chikhalire. Munthu amataya m'mawa wonse akuimbira eni fiber, vuto lili m'kabati yake yomwe.

Yamikani: Zikomo kwambiri. Ndikasintha kupita pa transparent, ma VLAN omwe alipo kale safufutika?

aNachisale: Safufutika. Amatsala onse, revision yokha ndi imene imabwerera pa 0. Koma yambani mwakopera show vlan brief ndi running-config yonse pa laputopu.

Yamikani: Funso lina. Trunk ya pakati pa nyumba ziwirizi, chingwe chija chonyamula ma VLAN ambiri nthawi imodzi, ili ndi mzere wakuti switchport trunk allowed vlan 10,20,30,40,99. Ndingowonjezera 2150, kapena ndingotsegula zonse?

Limbani: Ikani all basi, mupume. Zoletsaletsazi ndi zomwe zimabweretsa mavuto.

Thoko wa ku Joni: Dikirani kaye, Yamikani, musalembe kanthu. Pa Cisco, mukalemba switchport trunk allowed vlan 2150, simunawonjezere. Mwachotsa mndandanda wonse n'kusiya 2150 yokha. 99 ngati ndi ya management, yomwe mumalowera poyendetsa switch muli patali, SSH yanu idzaduka musanachotse chala pa Enter, ndipo maofesi onse adzakhala opanda netiweki mpaka mutathamangira kumeneko ndi console cable. Cholemba ndi ichi:

switchport trunk allowed vlan add 2150

Mawu ena omwe amalowa pamalo a add ndi remove, except, none ndi all. Polemba mndandanda, pakati pa nambala pamakhala koma popanda danga, ndipo range imalembedwa ndi kamzere, monga 10,20,30-40.

Musanayambe, lembani write memory, kenako reload in 10. Zikasokonekera mutatsekeredwa kunja, pakatha mphindi 10 switch idzayambiranso yokha ndi config yakale. Zikayenda bwino, reload cancel, kenako write memory kachiwiri. Pakati pa ntchitoyo musasunge kanthu, apo ayi reload idzakubwezerani zolakwika zomwezo. Ndipo muchite madzulo ophunzira ataweruka.

aNachisale: Thoko wanena zoona. Koma za all zija, achimwene a Limbani, sindikugwirizana nazo ngakhale pang'ono, ndipo ndifotokoze bwino chifukwa anthu ambiri amaganiza choncho.

Trunk ikatsegulidwa yonse, VLAN iliyonse yomwe ilipo pa ma switch awiriwo imadutsa, kaya ikufunika kutsidyako kaya ayi. Broadcast ya ku labu ya ophunzira, uthenga wopita kwa aliyense mu VLAN, imakafika ku nyumba ya maofesi. Wina akalumikiza chingwe mozungulira ku hositelo n'kupanga loop, mkuntho wake umayenda paliponse pomwe VLAN imeneyo yaloledwa. Mndandanda uja ndi umene umachepetsa malo omwe vuto lingafike. Amene anaulemba pa trunk yanu, Yamikani, ankadziwa chomwe akuchita, musaufufute.

Port yomwe ikuyang'ana kwa eni fiber ndiye yofunika kusamala koposa. Kumeneko lolani 2150 yokha. Ikani switchport mode trunk ndi switchport nonegotiate kuti DTP, njira yomwe ma switch amakambirana zopanga trunk, isalankhule, no cdp enable kuti musamawauze dzina ndi mtundu wa switch yanu, ndipo native VLAN, yomwe imalandira zobwera popanda tagi, ikhale nambala yomwe palibe akuigwiritsa ntchito, monga 999. Mukaisiya pa VLAN 1 n'kulola all, chilichonse chopanda tagi chochokera kunja chidzagwera m'kati mwa netiweki ya koleji. Pali ma fayilo a malipiro ndi zotsatira za mayeso a ana a eni ake mmenemo.

Limbani: Pa port ya kunjayo ndavomera. Koma ndinamvapo kuti all imathanso kumaliza ma instance a spanning tree. Ndi zoona?

Thoko wa ku Joni: Pang'ono chabe. Kulola nambala pa trunk sikupanga VLAN. Spanning tree ndi imene imaletsa ma loop, ndipo PVST+, mtundu wake wa Cisco, imapatsa VLAN iliyonse instance yakeyake. Instance imeneyo imabadwa pokhapokha VLAN ilipodi pa switch ndipo pali port yoyaka yomwe ikuinyamula. Kwa Yamikani, ndi ma VLAN 9, all siingamalize kanthu. Vuto limabwera pa malo aakulu pomwe VTP yafalitsa ma VLAN mazana ku switch iliyonse. Catalyst 2960, 3560 ndi 3750 zimathera pa ma instance 128. Ma instance 128 akadzaza, VLAN yotsatira imagwirabe ntchito, koma popanda spanning tree, ndiye tsiku lomwe loop ipangike mmenemo palibe choiletsa. Mankhwala ake ndi kudula mndandanda pa trunk iliyonse, kapena kusamukira ku MST, yomwe imaika ma VLAN ambiri pansi pa instance imodzi.

Anthu amasokoneza zinthu ziwiri: nambala zomwe switch imazindikira, ndi kuchuluka kwa ma VLAN omwe ingasunge nthawi imodzi. Zili ngati SIM khadi. Nambala ya foni iliyonse mutha kuisungamo, koma malo akadzaza adzaza. 255 ija Yamikani waiona ndi malo amenewo. 2960 ya LAN Lite ili ndi 64 okha.

Chisomo: Pepani kulowerera, akuluakulu, ndine wophunzira. Ndiye kuti ka TP-Link kanga ka ma port 8, TL-SG108E, kangathe kunyamula 2150?

Thoko wa ku Joni: Kangathe, achemwali. Kamalandira nambala iliyonse mpaka 4094, koma ma VLAN 32 okha nthawi imodzi. Malire a 1005 aja ndi a Cisco ndi VTP yake, mu 802.1Q mulibe.

Bambo Mwale: Ma HP ProCurve, omwe pano amatchedwa Aruba, nawonso ali ndi malire awo omwe amasinthidwa ndi max-vlans, ndipo kusinthako sikugwira mpaka switch itayambitsidwanso. Chenjeraninso ndi mawu akuti trunk kumeneko. Pa ProCurve trunk ndi kumanga ma port angapo kukhala chingwe chimodzi, zomwe Cisco imati EtherChannel. Zomwe ife tikunena panozi iwo amachita polowa mu VLAN n'kulemba tagged ndi nambala ya port.

Popeza ndatchula EtherChannel: mphwanga, ngati trunk yanuyo ndi ya zingwe ziwiri zomangidwa pamodzi, add mulembe pa interface Port-channel, osati pa port imodzi ya m'gulumo. Mindandanda ikasiyana, port yosiyanayo imaimitsidwa.

Yamikani: Ndi chingwe chimodzi cha fiber, bambo, pa Gi0/1 mbali zonse. Router ndi MikroTik. Kumeneko ndikuganiza zongopanga interface vlan ya vlan-id=2150 pa ether1.

Limbani: Ngati port ya ether1 siili mu bridge, gulu la ma port olumikizidwa ngati switch, n'zokwanira. Ngati ili mu bridge yomwe vlan-filtering yayatsidwa, muyenera kulowanso mu interface bridge vlan n'kuika 2150, ndi ether1 komanso bridge yeniyeniyo pa tagged. Ambiri amaiwala bridge ija, kenako amadabwa kuti router siikuona kanthu. Njira imeneyi inabwera ndi RouterOS 6.41. Range imaloledwa, monga vlan-ids=100-120, koma ichitireni ma port a tagged okha. Mukaika port ya untagged pa mzere wa ma VLAN ambiri, zochokera ku ma VLAN onsewo zitha kutulukira pa port imeneyo zopanda tagi. Ya untagged ikhale ndi mzere wake wa VLAN imodzi, yofanana ndi pvid yake, nambala ya VLAN yomwe port imapatsa zolowa popanda tagi. Ndipo dinani Safe Mode mu WinBox musanagwire bridge.

Yamikani: Siili mu bridge. Ndiyamba 6 koloko madzulo ano.

Thoko wa ku Joni: Podikira 6 koloko, ndiwonjezere za amene mumagwira mitundu yosakaniza, chifukwa kuno tsiku limodzi umagwira Huawei m'mawa, Cisco masana. Pa Huawei, port trunk allow-pass vlan 2150 imawonjezera pa zomwe zilipo, siichotsa. Kuchotsa n'kulemba undo kutsogolo. Range imalembedwa ndi danga komanso mawu akuti to, monga 10 20 30 to 40. Munthu wozolowera Huawei ndi amene amagwa msanga pa Cisco, chifukwa dzanja limangolemba mmene linazolowerera. Juniper ili ndi commit confirmed, yomwe imabweza config yakale pakatha mphindi 10 ukapanda kutsimikiza.

Ku extended range kulinso nambala zomwe zimaoneka zaulere koma zili ndi mwini. Pa Catalyst ya Layer 3 ngati 3560 kapena 3750, port iliyonse yomwe mwailemba no switchport imatenga VLAN yobisika, kuyambira 1006 kukwera. Mukadzafuna kupanga 1006 kapena 1007 idzakana. Onani ndi show vlan internal usage. Pa ma switch a Cisco Nexus, nambala zambiri zoyambira 3968 kupita m'mwamba zinasungidwira switch yeniyeniyo. N'chifukwa chake ine ndikamakonza netiweki yatsopano ndimakhala pakati pa 2 ndi 1001, ndikapanikizika ndimalumphira ku 2000 mpaka 3900, m'mphepetimo sindiyandikirako.

Chisomo: Nanga makampani a intaneti omwe ali ndi makasitomala opitirira 4094 amatani?

aNachisale: Amasanjikiza matagi awiri, achemwali. Ndi QinQ, muyezo wa 802.1ad wa mu 2005. Tagi ya kunja ndi ya kampani, ya m'kati ndi ya kasitomala. Tagi iliyonse imawonjezera ma byte 4, frame ya 1518 imakhala 1522 ndi tagi imodzi, 1526 ndi awiri, ndiye MTU ya ma switch a m'njira, kukula kwa frame komwe amalola, iyenera kukwezedwa. M'ma data centre amagwiritsa ntchito VXLAN, ya mu RFC 7348 ya 2014, yomwe nambala yake ndi ya ma bit 24, kupitirira 16 miliyoni. Koma inu limbikirani kaye tagi imodziyi mpaka muzitha kuitsata port ndi port.

Yamikani: Ndabweranso. Onse awiri ali pa transparent, add yalowa bwino, SSH sinaduke. Koma router siikufika ku gateway ya eni fiber. Ping ikungobwerera timeout.

Bambo Mwale: Tumizani show interfaces trunk ya ma switch onse awiri, yonse, osadula.

Yamikani: Pa ya ku seva rumu, 2150 ikuoneka m'zigawo zonse. Pa ya ku maofesi, pa Vlans allowed on trunk pali 10,20,30,40,99,2150 pa Gi0/1 ndi 2150 pa Gi0/2 ya eni fiber. Pa Vlans allowed and active in management domain pali 10,20,30,40,99 pa Gi0/1, ndipo pa Gi0/2 palembedwa none.

Bambo Mwale: Yankho lili m'manja mwanu kale. Command imeneyi iwerengeni kuchokera pamwamba kutsika. Gawo loyamba limanena ngati port ilidi trunk komanso native VLAN yake. Lachiwiri ndi zomwe inu mwalola. Lachitatu ndi zomwe mwalola zomwenso zilipodi pa switch. Lachinayi ndi zomwe spanning tree ikuzilola kuyenda. Pomwe nambala yasowera ndi pomwe pali vuto. Yanuyi yasowera pa gawo lachitatu, kutanthauza kuti pa switch ya ku maofesi VLAN 2150 kulibe. Kale inali Client, inkalandira zonse kuchokera ku Server, pano palibenso woitumizira. Port ya access ikapatsidwa VLAN yomwe kulibe, IOS imaipanga yokha, koma trunk siichita zimenezo. Lowani mulembe vlan 2150, muipatse dzina, kenako exit. VLAN siibadwa mpaka mutatuluka.

Yamikani: Yatheka! Pa gawo lachinayi inachedwa pafupifupi theka la mphindi, kenako yatulukira, ping ikuyankha. Ndalemba reload cancel ndi write memory pa onse awiri. Zikomo bambo, zikomo nonse.

aNachisale: Masekondi 30 amenewo ndi listening ndi learning za spanning tree yakale, 15 iliyonse. Tsiku lina mudzaganizire za rapid-pvst, mtundu wake wachangu. Mwaonanso log ngati mulibe uthenga wa native VLAN mismatch pa Gi0/1?

Yamikani: Mulibe, mbali zonse native ndi yofanana. Ndili ndi kanthu kena kamodzi. Mwezi wamawa tikuika makamera ku hositelo, ndipo m'sitolo muli 2960 ina yomwe inagulidwa yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndimati ndiilumikize ku switch yachitatu ya ku labu, yomwe ikadali pa Client.

Bambo Mwale: Musailumikize momwe iliri, mphwanga. Switch yochokera kwina imabwera ndi vlan.dat yake, ndipo write erase siifufuta fayilo imeneyo. Pa VTP 1 ndi 2, dzina la domain likafanana ndipo revision yake ikaposa yanu, mndandanda wake umalowa m'malo mwa wanu, ngakhale iyo ili pa Client. Ma port omwe VLAN yawo yafufutika amangokhala chete. Dzina kufanana ndi malo ena n'kosowa, koma ngati inayesedwapo pa koleji pomwepo n'kubwezedwa m'sitolo, ndiye ili nalo dzina lanu. Iyatseni payokha pa tebulo, write erase, delete flash:vlan.dat, reload, kenako vtp mode transparent. Ya ku labu nayonso ichotseni pa Client, chifukwa pano Server kulibe, VLAN ya makamera simungathe kuipanga pamenepo.

Limbani: Makamera muwapatse 50, itsatane ndi zinzake. Ndipo interface range pa IOS yakale imafuna danga mbali zonse za kamzere, monga fa0/1 - 16, mosiyana ndi mndandanda wa ma VLAN uja.

aNachisale: 50 idutse pa ma trunk a pakati pa hositelo ndi pomwe pali chojambulira makamera basi. Ku maofesi ipite pokhapokha ngati kuli kompyuta yoonera. Kumbukirani add pa trunk iliyonse, ndi vlan 50 pa switch iliyonse ya m'njira.

Yamikani: Chojambulira chikhala ku seva rumu, ndiye ndi ma trunk awiri, wa hositelo kupita ku labu ndi wa labu kupita ku seva rumu. Ya m'sitoloyo ndiiyatsa Loweruka popanda chingwe cha netiweki, ndidzatumiza show vtp status ndi show vlan brief pano ndisanaikweze m'kabati.